Mankhwala ndi aulere, koma tsiku lokawatenga ndi logula

Aliyense wokamba za umoyo m'dziko muno amayambira pamodzi: ma ARV ndi aulere. Nduna imatero, mkulu wa bungwe amatero, wolengeza pa wailesi nayenso amatero. Sakunama ayi. Kuyambira mu 2004 zipatala za boma zakhala zikupereka mankhwalawa osalipiritsa ndi tambala yomwe. Koma mawu amenewa amakoma m'kamwa mwa munthu wa malipiro a pamwezi, amene akhoza kutuluka mu ofesi 10 koloko, kukaonana ndi dokotala, n'kubwerera masana malipiro ake ali chikhalire. Kwa mayi wothyola tiyi ku Thyolo, tsiku lopita kuchipatala ndi tsiku limene dengu lake silinafike pa sikelo. Botolo la mankhwala walandira ulere, koma tsikulo waligula ndi makilo ake.

Amene sanakhaleko pa esiteti ayenera kudziwa momwe ndalama ya wothyola tiyi imabwerera. Pali ya tsiku, imene munthu amaipeza akakwanitsa makilo oikika, ndiye kilo iliyonse yopyola pamenepo ili ndi kangachepe kake. Chokhalira munthu chili pa makilo opyolawo, ndipo amapezeka dzinja lokha, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, mvula ikamagwa ndipo masamba akuphuka sabata ndi sabata. Nyengo yomweyo ndiyo ya njala m'midzi, ya fizi ya mu Januwale, ya malungo ndi kutsegula m'mimba. Ndiye tsiku lokatenga mankhwala ligwe Lachiwiri pakati pa Febuluwale. Ngakhale mayi uja atabwera ndi kalata ya kuchipatala, kalaliki n'kumulemba kuti sanajombe, makilo opyola aja palibe amene angamubwezere. Aphungu akamuuza kuti moyo uposa ndalama amagwedeza mutu kuvomera, koma ana ake sadya uphungu. Amati ndipita sabata ya mawa. Mapiritsi atsala anayi, ayamba kudumphitsa masiku kuti amufikitse. Akadzafika kuchipatala mochedwa, dzina limene limamudikira ndi lakuti wothawa mankhwala.

Sanathawe. Matenda amgonagona safuna mapiritsi okha. Amafunanso nthawi, chakudya ndi chinsinsi. Pa esiteti zinthu zimenezi zili m'manja mwa wolemba ntchito, ndipo bola zikhale momwemo, maphunziro onse a zaumoyo amene timawaunjikira antchito a m'tiyi ndi kungodzitonthoza.

Chondipweteka n'chakuti phunziro limeneli dziko lapansi linaliphunzirira ku Thyolo komweko. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, limene anthu amangoti MSF, linayamba ntchito ya Edzi m'bomali mu 1997, nthawi imene m'mawodi a chipatala cha Thyolo odwala ankagona ndi pansi pomwe ndipo akalipentala a mabokosi a maliro sankasowa ntchito. Mu 2003 anayamba kupereka ma ARV. Akatswiri ambiri a kunja nthawi imeneyo ankanena poyera kuti anthu a kumudzi kuno ku Africa sangathe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku mosaphonya, komanso kuti popanda madokotala okwanira n'kungotaya ndalama. Thyolo inawatsutsa ndi ntchito. Madokotala analidi ochepa, choncho ntchito yoyambitsa munthu mankhwala inapatsidwa kwa anamwino ndi othandizira madokotala, yoyeza magazi ndi kupereka uphungu inapita kwa alangizi a zaumoyo ndi aphungu wamba, ndipo mankhwala anachoka pa boma n'kutsikira ku zipatala zing'onozing'ono za m'madera. Pofika 2007, anthu 8 mwa 10 alionse ofunika mankhwalawa mwachangu m'bomali anali akulandira, chinthu chimene maboma ambiri a kumidzi mu Africa anali asanachifikire.

Kenako kunabwera magulu. Nzeruyi inachokera kwa anansi athu a ku Tete m'dziko la Mozambique, kumene inayamba mu 2008, ndipo inafika ku Thyolo mu 2012. Anthu osapyola 6 okhala moyandikana, onse omwa ma ARV ndipo ali bwino m'thupi, amapangana kuti mwezi uno apite mmodzi akatengere onse, mwezi wa mawa apite wina. Taonani chimene magulu aja anachiza. Sanasinthe mankhwala, sanamange chipatala, sanabweretse dokotala watsopano. Anangochepetsa maulendo. Iwo anazindikira kuti chogwetsa anthu pa mankhwala si umbuli kapena ulesi, koma mtunda, ndalama ya kabaza ndi tsiku lotayika. Boma nalo linamva, moti kuyambira mu 2019 munthu amene ali bwino akhoza kulandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse amene ali ndi HIV, 88 ankadziwa za momwe alili. Mwa odziwawo pafupifupi 98 pa 100 anali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo pafupifupi 97 pa 100 kachirombo kanali katagonja m'magazi mwawo. Ndi maiko ochepa, olemera omwe, amene angaonetse ziwerengero zotere.

Wina anena kuti ndiye ukudandaula chiyani, kupita kuchipatala kawiri pa chaka n'kovuta? Mwayi wa miyezi 6 ndi wa amene ali bwino kale. Amene wangoyamba kumene mankhwala, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, amene magazi ake aonetsa kuti kachirombo kakweranso, amene wapezeka ndi chifuwa chachikulu, onsewa amaitanidwa pafupipafupi. Ndiye kuti wofooka kwambiri ndiye wotaya masiku ambiri, ndipo wotaya masiku ambiri ndiye amene kapitawo amamukumbukira nthawi yochepetsa anthu ikakwana.

Tiime pang'ono pa chifuwa chachikulu, chifukwa ndicho chikupha anthu ambiri amene ali ndi HIV. TB imachizika, koma mankhwala ake ndi a miyezi 6, ndipo msampha wake uli apa: pakatha miyezi iwiri munthu amamva bwino. Kukhosomola kwachepa, thukuta la usiku latha, nsima yayamba kulowa. Kwa munthu amene wakhala masabata angapo osapeza makilo, thupi likangolola amathamangira kumunda, masiku a kuchipatala n'kuyamba kuwaphonya. Tizirombo totsalira m'mapapo ndi tija tolimba, ndipo tikadzukanso tikhoza kukhala tosamva mankhwala oyamba aja. Pamenepo chithandizo chimatalika ndipo chimavuta. M'nyumba za m'makomboni, momwe banja lonse limagona m'zipinda ziwiri mawindo ali chitsekere chifukwa cha kuzizira kwa m'mapiri a Thyolo, TB ya bambo simachedwa kukhala ya mwana. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu akamamwa mankhwala oyenera mosadumphitsa, pakatha masabata ochepa sapatsiranso ena. Esiteti imene ikuumira kulipira masiku a wodwala TB mmodzi ikudzigulira odwala ena pa mzere womwewo wa nyumba.

Koma HIV ndi TB zili ndi eni ake, mabungwe ndi ndalama zakunja. Amasiye enieni ndi BP ndi shuga. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. BP siipweteka, ndicho chifukwa chake imapha mwakachetechete. Munthu amathyola tiyi bwinobwino zaka zambiri, tsiku lina n'kugwa pakati pa mizere, pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo zitafa. Kumudzi nkhani imakhala yakuti amuponda, kapena mnzake womuchitira nsanje ya makilo wamutchera, banja n'kugulitsa mbuzi kupita kwa sing'anga. Chonsecho kachipangizo koyezera BP kamagwira ntchito ndi mabatire a wailesi, kuyeza kwake sikutha mphindi zisanu, ndipo mapiritsi ake ndi ena mwa otchipa kwambiri padziko. Komabe wodwala BP kapena shuga alibe gulu lomutengera mankhwala, kawirikawiri amapatsidwa a mwezi umodzi, ndipo si zachilendo kuti atadikira pa mzere kuyambira m'mawa auzidwe kuti atha, akagule ku famase. Ndaonapo bambo wina wachikulire pa benchi ya chipatala china akutulutsa mabuku awiri a kuchipatala m'pepala la pulasitiki la shuga, lina la ma ARV, lina la BP, masiku ake osiyana, zitseko zake zosiyana. Thupi limodzi, maulendo awiri. Anthu amene ma ARV anawapulumutsa mu 2004 lero ali ndi zaka 50 kapena 60. Tinawalanditsa ku Edzi kuti tiwapereke kwa sitiroko?

Njira yake si yochita kuitanitsa ku Ulaya. Ku Neno, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kale zipatala za matenda amgonagona: wa HIV, wa BP, wa shuga, wa khunyu, wa mphumu, onse amalowa khomo limodzi tsiku limodzi. Phindu lina limene anthu salitchula n'lakuti woona mnzake pa mzere umenewo sadziwa chimene wabwerera. Kuchokera ku Thyolo kupita ku Neno si ulendo wofuna pasipoti.

Nkhani ya chinsinsiyi pa esiteti ndi yolemera kuposa m'tauni. M'tauni munthu akhoza kukwera minibasi kukatengera mankhwala kutali ndi kwawo. Pa esiteti woyandikana naye nyumba ndi yemwenso amathyola naye mzere umodzi, chilolezo chopita kuchipatala chimachokera kwa kapitawo, ndipo kachipatala kapafupi n'ka kampani yomwe inamulemba ntchito. Anamwino a m'zipatala za m'maesiteti ambiri amasunga chinsinsi monga mwa lumbiro lawo, koma wantchito sakhulupirira kuti chimene chalembedwa m'chipinda cha namwino sichikafika ku ofesi ya malipiro. Ndiye amalambalala chipatala chimene chili pakhomo, n'kuyenda wapansi kupita ku Thyolo boma, ku Malamulo, ku Bvumbwe kapena ku Thekerani. Amayi ena amakhuthula mapiritsi m'botolo n'kuwamanga pa kansalu, kuopa kuti botolo lingalire m'chikwama anzawo n'kumva. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha kachirombo, limaletsanso kuumiriza munthu kuyezetsa kuti alembedwe ntchito. Koma wa ntchito ya nyengo sachita kuchotsedwa. Amangosiyidwa osaitanidwanso mvula ikagwa, ndipo palibe kalata imene anganyamule kupita nayo ku khoti la zantchito.

Mphamvu ya kapitawo yosankha wobwerera ndi wotsala ndi yomweyonso imene imafalitsa matenda. Mu 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu umene amayi 36 anakasuma ku London, wonena kuti anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zokhudza kugonana m'minda ya kampaniyo ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kampaniyo siinavomere kulakwa, koma inalonjeza kusintha zinthu, kuphatikizapo kukweza amayi ambiri pa maudindo. Funso langa si la kampani imodzi. Mayi amene ntchito yake ya chaka chamawa ili m'kamwa mwa mwamuna mmodzi, tingamuphunzitse za kondomu mpaka mawu kutha, angakane bwanji?

Nyengo ikatha ndiye pamaduka chingwe. Cha mu Meyi masamba achepa, zikwi za anthu zimauzidwa kuti zikapume. M'maboma a Thyolo ndi Mulanje malo olima ndi ochepa. Mbiri yake ndi yakale, kuyambira masiku a thangata pamene Alhomwe ochokera ku Mozambique ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo m'minda ya azungu, ndipo lero anthu oposa 720,000 a m'boma la Thyolo akupanikizana m'mphepete mwa minda yomweyo. Choncho wopumitsidwa sakhala pakhomo. Wina apita ku Limbe kukasaka maganyu, wina atsikira ku Chikwawa, wina aoloka Ruo kukalima kwa eni minda ku Mozambique. Buku lake la mankhwala latsala ku chipatala cha pa esiteti. Kalata yosamutsira ku chipatala china ilipo mwa dongosolo, koma munthu amene sakudziwa kumene akagone sabata ya mawa angauze namwino kuti amusamutsire kuti? Onjezanipo chaka ngati cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola milatho, nyumba ndi mabuku a kuchipatala omwe.

Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu akagwira miyezi 12 mosalekeza ayenera kupatsidwa masabata 4 a tchuthi chodwala pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse. Limanenanso kuti wa ntchito ya nyengo akamabwerera kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana, miyezi imene wagwira iziphatikizidwa. Ndi othyola tiyi angati amene anauzidwapo zimenezi? Ndipo lamuloli linalembedwa poganizira munthu amene wadwala, wagona, wachira, wabwerera. Silidziwa munthu amene sakudwala lero koma ayenera kukayezetsa magazi kuti asadzadwale mawa. Matenda amgonagona asintha tanthauzo la kudwala, lamulo lathu latsalira m'mbuyo.

Eni maesiteti ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda pake. Amati mitengo ya tiyi pa okushoni ya ku Limbe ndi yotsika, feteleza ndi mafuta zakwera, magetsi ndi osadalirika, ndalama zakunja zikusowa. Amati iwo akuchita kale zimene boma likulephera: zipatala, maambulansi, sukulu, chakudya cha masana. N'zoona, ndipo pali midzi yozungulira Satemwa, Makandi, Conforzi, Nchima, Naming'omba ndi Makwasa imene mayi woyembekezera amathandizidwa msanga chifukwa cha galimoto ya esiteti. Sindikuwapempha chifundo. Ndikuwapempha kuti awerengere bwino ndalama zawo zomwe. Ofufuza a ku yunivesite ya Boston anatsatira othyola tiyi ku Kericho m'dziko la Kenya, ndipo anapeza kuti amene ankadwala Edzi popanda mankhwala makilo awo ankatsika ndipo ankajomba kwambiri kwa nthawi yaitali asanasiye ntchito, pomwe amene anayamba ma ARV masiku awo ogwira ntchito anakweranso. Dzanja lozolowera kuthyola masamba awiri ndi kansonga silipezeka tsiku limodzi. Kulipira masiku ochepa pa chaka kuti dzanja limenelo lisagone n'kotchipa kuposa kuphunzitsa lina.

Ogula tiyi wathu kunja nawo asabisale. Mu 2015 makampani akuluakulu ogula tiyi, Tea Association of Malawi, Ethical Tea Partnership, Oxfam ndi ena anasainirana ndondomeko ya Malawi Tea 2020, cholinga chake chili chakuti wantchito wa m'tiyi azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo pofika 2020. Zina zinasinthadi: malipiro anakwera, ufa wa nsima ya masana unayamba kuthiridwa michere. Koma 2020 inafika cholingacho chisanakwaniritsidwe. Oyendera minda a zizindikiro za Rainforest Alliance ndi Fairtrade amawerenga zimbudzi, magolovesi ndi mabokosi a chithandizo choyamba. Awerengenso kuti mwa antchito a nyengo amene anali pa mankhwala mu Epulo, ndi angati amene anali akumwabe pofika Novembala. Sakufunika maina, chiwerengero chokha n'chokwanira.

Boma ndilo lisanamizire kudabwa. Mu Januwale 2025 dziko la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tinaona ndi maso kuti ntchito yathu ya HIV yaima pa mwendo wa eni. Aphungu, otsatira odwala m'midzi ndi onyamula magazi okayezetsa ambiri ankalipidwa ndi ndalama zimenezo, ndipo amenewa ndiwo ankapita kukagogoda pakhomo pa munthu amene waphonya tsiku lake. Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno. Kodi n'kulakwa kufunsa kuti mwa misonkho yochokera m'mapiri a Thyolo, ndi ingati imabwerera ku famase ya chipatala cha Thyolo?

Ifenso eni ake tili ndi mlandu wathu. Kuli aneneri amene amauza anthu kuti ataye mapiritsi chifukwa apemphereredwa, ndipo maliro a nkhosa zawo amakalalikira okha osachita manyazi. Kuli abambo amene safuna kuyezetsa, amangodikira zotsatira za mkazi wawo ku sikelo, ena mpaka kumamubera mapiritsi usiku. Kuli miseche ya pa mjigo imene imachititsa mtsikana kusiya mankhwala kuti asaoneke pa mzere. Ambiri mwa onyozawo sadziwa kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachirombo osaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Umboni woyamba waukulu wa zimenezi, kafukufuku wa HPTN 052 wa mu 2011, unachokera mwa zina kwa mabanja a ku Blantyre ndi Lilongwe. Woopsa si amene ali pa mzere wa mankhwala, koma amene akuseka ali chapatali asanayezetsepo.

Kuyambira mu 2016 bungwe la antchito a m'minda la PAWU limakhala pa tebulo ndi Tea Association of Malawi kukambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo mkangano umathera pa ndalama ya tsiku ndi mtengo wa kilo. Akadzakhalanso pansi, a PAWU apite ndi ndime ina yolembalemba: tsiku la kuchipatala la wodwala matenda amgonagona, kaya ndi wokhazikika kaya ndi wa nyengo, lilipidwe molingana ndi makilo amene munthuyo amapeza masiku onse, chilolezo chake chichokere kwa namwino, kapitawo angouzidwa kuti wapita kuchipatala, osati chimene wapitira, ndipo aliyense wopumitsidwa mu Meyi atuluke pa geti ali ndi mankhwala omufikitsa mvula ya Disembala. Boma linalola kale kupereka mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi, chatsala ndi siginecha ya olemba ntchito.